PAKHOMO PATHU: Citunda ca Njinga Kuseri kwa Nyumba

Kuno kwathu njinga ndi ya nchito. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa mseu wolowa m'Chipata m'mamawa adziwa cimene ndikunena. Wina wasenzetsa njinga yace matumba a makala mpaka mwini wace osaoneka, wina wamangirira mbuzi kumbuyo, wina wanyamula mai wodwala kuthamangira naye ku cipatala. Ngakhale fakitale ya njinga za Eagle inamangidwa ku Chipata komweko. Kwa ife njinga ndi ng'ombe yosadya udzu. Cotero kalata imene yandifika mwezi uno kucokera ku England poyamba inandiseketsa, pakuti ikamba za njinga yoseweretsa cabe. Koma nditaiwerenga kaciwiri kuseka kunatha, cifukwa ndinaona kuti m'kati mwace muli mtendere wa banja, ndalama za thukuta, ndi ubale wa makomo awiri olekanitsidwa ndi mpanda umodzi.

Wolemba ndi mai wina wa kwathu konkuno, amene ali pa nchito ya unesi m'cipatala cina kumeneko. Dzina lace ndalisunga, monga mwa mwambo wa tsamba lino. Kalatayo ikuti:

"Atate, ndipempha nzeru. Mwana wathu wacisamba, mnyamata wa zaka 13, wakonda masewera odumpha ndi njinga. Kale anali kungobindikira m'cipinda ndi foni, osalankhula ndi munthu, ngakhale nsima kudya monyinyirika. Ciyambire njingayi wasanduka mwana wina, ndipo wapeza anzace. Atate ace poona zimenezi anagula matabwa, ndipo awiriwo anatha masiku a Ciweru asanu akukhoma citunda codumphirapo kuseri kwa nyumba yathu. Cinatidyera ndalama zimene tinasungira ulendo wodzaona makolo. Cili ndi nsanja ziwiri, uku ndi uku, iliyonse yokwera mita imodzi ndi masentimita 20, ndipo imodzi yagundana ndi mpanda. Tsopano mnansi wathu, nkhalamba yofedwa mkazi, waleka kutipatsa moni. Sabata yatha talandira kalata ya ku khonsolo yonena kuti wina wadandaula, ndi kuti adzabwera kudzaona cimene tamanga. Amuna anga akuti nyumba tinagula ndi ndalama zathu, palibe wotiuza cocita pabwalo pathu. Ine tulo sindikupeza. Kodi tapalamula? Kodi adzatimanga? Nanga mwana ndimuuze ciani?"

Coyamba, mtima pansi

Amai, gonani tulo. M'malamulo a ku England kumanga cinthu cotere pabwalo panu popanda cilolezo si mlandu woti apolisi agwire nao munthu. Kumeneko ndi kuphonya dongosolo, ndipo cophonyeka cikhoza kukonzedwa. Mlandu weni-weni umabadwa pambuyo pace, pamene khonsolo yakulemberani lamulo lakuti mupasule kapena musinthe cimene mwamanga, inu nkunyozera. Pamenepo ndipo nkhani imafika ku khoti, ndipo munthu amalipitsidwa.

Monga mwafotokozera, kalata imene muli nayo ndi ya kufufuza cabe. Khonsolo ikalandira dandaulo imatuma munthu kukaona ngati dandaulolo lili ndi mutu. Musaibise pansi pa mtsamiro kalatayo. Iyankheni m'nthawi imene yaikidwa, nenani zoona zokha-zokha, ndipo musunge kope la ciliconse cimene mwalemba. Pali mtundu wina wa kalata ya mafunso umene lamulo limafuna kuti uyankhidwe m'masiku 21, ndipo kukhala cete kapena kunama poyankha ndiko kumasanduka mlandu. Wofufuzayo akafika mlandireni monga mlendo, muonetseni zonse, ndipo mumfunse poyera kuti akuuzeni cimene cingasinthidwe kuti zinthu zilongosoke. Kawiri-kawiri makhonsolo amayamba ndi kukambirana asanalembe lamulo lakupasula.

Masewerawa si acibwana

Ndisanalowe m'zamalamulo, ndifuna kuikira kumbuyo mnyamatayo, pakuti ena a ife tikamva za mwana wodumpha ndi njinga timangoti ndi kupulupudza. Masewera amenewa amachedwa BMX. Anayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 ku California, m'dziko la America, kumene ana anali kutsanzira akulu othamangitsa njinga zamoto m'matope. Njinga yace ndi yaifupi ndi yolimba, ya mawilo a mainchesi 20. Mpikisano wa liwiro wa BMX unalowa m'masewera a Olimpiki ku Beijing mu 2008, ndipo wa kudumpha ndi kutembenuka m'malere unalowa pa masewera a ku Tokyo amene anacitika mu 2021. Kumeneko atsikana awiri a ku Britain anatenga mendulo za golide: Bethany Shriever pa liwiro, ndi Charlotte Worthington pa kudumpha. Waciwiriyu anali kugwira nchito yophika m'nyumba yodyera asanadzipereke kotheratu ku njinga. Mwana wokulira m'dziko limenelo ali nao anthu owayang'ana.

Kwa awerengi amene sanacionepo citunda cotere, cimene eni cinenero amacicha ramp, ganizani mgolo waukulu woung'amba pakati m'litali mwace, nkuugoneka cagada. Wokwera amatsetsereka kucokera m'mphepete mwina, nkukwera mbali inayo, nkubwereranso. Pamwamba pa mbali iliyonse pamakhala nsanja yoimapo poyembekeza. Mau awa akuti nsanja muwasunge, pakuti ndipo pagona nkhani yonse.

Atate a mwanayo anacita cinthu coyamikika. Bambo amene atha masiku ace opuma akugwira sowo ndi nyundo pamodzi ndi mwana wace wapatsa mwanayo cuma cimene sicigulidwa m'sitolo. Colakwa cao ndi cimodzi cokha, ndipo makolo athu anaciona kale pamene anati safunsa anadya phula.

Cifukwa ninji boma lilowerera pabwalo la munthu?

Amuna anu akuti nyumba anagula okha. Zoona, koma pali cimodzi cimene sicinali pa mtengo umene analipira. M'caka ca 1947 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo lochedwa Town and Country Planning Act, limene linayamba kugwira nchito pa 1 July 1948. Kuyambira tsiku limenelo, kukhala mwini malo sikupatsanso munthu ufulu womangapo ciliconse cimene afuna. Malo ndi ako, koma cilolezo ca kumangapo cili m'manja mwa khonsolo m'malo mwa anthu onse. Lamulo limene likulamulira nkhaniyi ku England masiku ano ndi la dzina lomwelo la mu 1990, pamodzi ndi zosintha zimene zaonjezedwa pambuyo pace.

Maganizo amenewa sanagwe kumwamba. M'zaka za m'ma 1800 mizinda ya mafakitale ya dziko limenelo inakula mopanda dongosolo. Nyumba zinathinana, zimbudzi zinayandikana ndi zitsime, ndipo kolera inapha anthu zikwi-zikwi. Anthu anaphunzira ndi maliro kuti cimene munthu amanga pa malo ace sicithera pa malire ace. Mthunzi wa khoma lako umagwa m'munda mwa mnzako, madzi a padenga lako amathamangira pakhomo pace, ndipo phokoso silidziwa mpanda. Lamulo la mapulani ndi njira yoweruzira zimenezi anthu asanayambe kulozana zala.

Zimene munthu angamange osapempha

Komabe boma la kumeneko silifuna kuti aliyense womanga kanyumba kosungiramo makasu adzaime pa mzere ku khonsolo. Ncifukwa cace pali lamulo lina, la mu 2015, limene linapereka cilolezo kwa onse pasadakhale pa zomanga zing'ono-zing'ono za pakhomo, malinga womangayo asadumphe malire ena. Akulu-akulu mwa malirewo ndi awa:

1. Cinthuco cikhale cotumikira moyo wa banja la m'nyumbamo, monga kusungiramo katundu kapena kusewererapo. Cisakhale ca malonda, kapena nyumba yogonamo anthu ena.

2. Cisamangidwe kutsogolo kwa khoma la kumaso kwa nyumba.

3. Zomanga zonse zoonjezera, kuziphatikiza pamodzi, zisadye koposa theka la malo ozungulira nyumba monga inaliri poyamba.

4. Ngati cili pafupi ndi malire, osapitirira mamita 2 kucokera pamenepo, msinkhu wace usapose mamita awiri ndi theka. Cikatalikira malire cikhoza kufika mamita 3, kapena mamita 4 ngati cili ndi denga lotsetsereka mbali ziwiri.

5. Cisakhale ndi khonde la m'mwamba, kapena nsanja yokwera kuposa masentimita 30 kucokera pansi.

Ufulu umenewu ndi wa nyumba zoima pazokha kapena zogundana m'mbali. Okhala m'mafulati alibe. Sugwiranso nchito pabwalo la nyumba zakale zimene boma linazilemba m'kaundula wa zosungidwa, ndipo m'madera ena khonsolo ili ndi mphamvu ya kuucotsa. Ziwerengero zimenezi ndi za England. Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi malamulo ao-ao, cotero abale okhala kumeneko afunse kwao. Wokhala m'nyumba ya lendi ayambe wapempha mwini nyumba, ndipo wogula awerenge cikalata ca umwini, cifukwa zikalata zina zimakhala ndi mapangano akale oletsa zomanga zina ngakhale khonsolo italola.

Tsono citunda canu cigwera pati?

Yang'anani mfundo yacisanu. Nsanja zanu zakwera masentimita 120, ndiko kuti kanai kuposa malire a masentimita 30. Citunda conseco cikhoza kukhala cacifupi kuposa mamita awiri ndi theka, cikhoza kudya malo ocepa, koma nsanjazo zokha zikwanira kucitulutsa m'gulu la zomangidwa osapempha. Cifukwa ca malire amenewa ncosavuta kuciona. Mipanda yambiri ya kuseri kwa nyumba kumeneko siposa mamita 2, pakuti umenewo ndiwo msinkhu wololedwa popanda kupempha. Mnyamata wa zaka 13 akaima pa nsanja yanuyo, cifuwa ndi mutu zili pamwamba pa mpanda, ndipo maso ace agwera m'munda ndi m'mazenera a mnansi. Nkhalamba ija, imene inazolowera kukhala pa mpando wace pakati pa maluwa osaonedwa ndi munthu, tsopano ikatukula maso iona mitu ya anyamata ikutulukira ndi kumira pamwamba pa mpanda.

Wina angati: koma ici si nyumba, ndi matabwa cabe. Lamulo la kumeneko limawerenga cimango ciliconse ngati comanga, ndipo makhoti akhala akuyesa nkhani zotere ndi miyeso itatu: kukula kwa cinthuco, kukhalitsa kwace pamalo amodzi, ndi m'mene cagwirira nthaka. Kacitunda kakang'ono kamene ana awiri angakanyamule madzulo nkukalowetsa m'nyumba ndi katundu wamba monga mpando, ndipo kawiri-kawiri sikafuna cilolezo. Koma cimene cinatenga masiku asanu kukhoma, cimene sicingasunthe popanda kucipasula, cimawerengedwa comanga ngakhale cilibe maziko a simenti. Ndipo amene angaganize zothawa lamulo pounjika dothi m'malo mwa matabwa adziwe kuti kukumba ndi kuunda milu yaikulu nakonso kukhoza kufuna cilolezo.

Njira zitatu

Njira yoyamba ndi kucicepetsa. Mukhoza kucotsa nsanja, kutsitsa msinkhu, ndi kucisunthira kutali ndi mpanda, kapena kucidula kuti cisanduke tizitunda tiwiri tonyamulika. Matabwa ndi omwewo, ndalama sizinatayike. Musanakhome msomali, jambulani cimene mufuna kucita, mupemphe ku khonsolo cikalata cochedwa Lawful Development Certificate. Cimeneci ndi umboni wolembedwa wakuti cinthuco sicifuna cilolezo, ndipo pa cinthu cosamangidwa mtengo wace ndi theka la mtengo wa pempho lathunthu. Cidzakuthandizaninso tsiku limene mudzafuna kugulitsa nyumbayo.

Njira yaciwiri ndi kupempha cilolezo ca cimene camangidwa kale. Lamulo limalola zimenezi, ndipo pempholo limayesedwa ndi miyeso yomweyo ngati kuti simunayambe kumanga. Mumapereka mapu a malo, zojambula zoonetsa miyeso, ndi malipiro. Khonsolo imadziwitsa anansi ndi kuwapatsa masiku 21 akuti anene maganizo ao, ndipo iyenera kugamula m'masabata 8. Dziwani kuti kukana kwa mnansi pakokha sikugwetsa pempho. Cimene amayang'ana ndi zifukwa zace: kusuzumira m'nyumba ya wina, phokoso, kuchinga kuwala, ndi maonekedwe a malowo. Zakuti nyumba yanga itsika mtengo, kapena anthuwa sindiwakonda, siziwerengedwa. Akhoza kulola ndi mapangano, monga akuti pakhale cochinga kumbali ya mnansi, kapena kuti kusewera kuzitha pa ora lakuti. Akakana, muli ndi masabata 12 ocitira apilo ku bungwe la boma lochedwa Planning Inspectorate. Koma ndikuuzeni mosabisa, amai: nsanja yogundana ndi mpanda, yoyang'ana m'munda mwa munthu, ndi yovuta kuiikira kumbuyo. Mukasankha njira iyi, yambani mwaisuntha nsanjayo.

Njira yacitatu ndi kucipasula conse, matabwa nkugulitsa kapena kupangira zina, ndi kumaperekeza mwana ku mabwalo a masewerawa amene makhonsolo ambiri anamanga m'mapaki, kumene ambiri salipiritsa.

Pali njira yacinai imene anzao a amuna anu angawanong'oneze, yakuti ingokhalani cete, zidzaiwalika. Kale cinthu comangidwa popanda cilolezo cikatha zaka 4 osatsutsidwa, khonsolo sinalinso ndi mphamvu pa ico. Kuyambira pa 25 April 2024 nthawi imeneyi ku England inatalikitsidwa kufika zaka 10 pa zomangidwa kucokera tsiku limenelo. Ndiponso inu akudziwani kale. Mlandu suola.

Phokoso lili ndi lamulo lace

Ngakhale mutapata cilolezo, nkhani ya phokoso imatsala payokha. Citunda ca matabwa ndi cobooka m'kati, cotero cimalira monga ng'oma. Wokwera amamva kukoma kwa liwiro, koma wa kuseri kwa mpanda amamva gu! gu! gu! kuyambira pamene sukulu yaweruka kufikira mdima, ndipo m'nyengo yotentha kumeneko dzuwa limalowa nthawi itapitirira 9 koloko usiku. Lamulo la mu 1990 lochedwa Environmental Protection Act limalamula khonsolo kufufuza dandaulo la phokoso, ndipo ikapeza kuti phokosolo likusautsa munthu mopitirira muyeso m'nyumba mwace, imalemba lamulo lakuti lileke. Kunyozera limenelo ndi mlandu wa ku khoti.

Inu amai ndinu nesi, mumagwira nchito usiku. Mudziwa kuwawa kwa kufuna tulo masana pamene wina akukhoma kunja. Mankhwala a phokoso alipo. Tsekani kumbuyo ndi m'mbali mwa citundaco kuti cisalire ngati ng'oma, ikani matumba a mcenga kapena makapeti akale m'kati, onjezani kukhuthala kwa matabwa a pamwamba, ndipo pansi pa miyendo yace muyale mphira. Koposa zonse, ikani nthawi. Ora limodzi lodziwika tsiku lililonse munthu akhoza kulipirira. Cimene cimatopetsa mtima ndi phokoso losadziwika poyambira ndi pothera.

Kagogodeni pa citseko

Tsopano ndilankhule ndi atate a mwanayo, pakuti ndikhulupirira kuti amai adzakuwerengerani tsamba lino. Acimwene, mukanakhala kumudzi simukanamanga khola la nkhumba kumaso kwa khichini ya mnzanu osayamba mwamuuza, ngakhale malowo ali a makolo anu. Simukanaopa khonsolo, mukanaopa manyazi. Ulemu umene munakula naowo sunatsale pa bwalo la ndeke. Walira mvula walira matope: mwafuna cimwemwe ca mwana, landiraninso nchito yosamala amene cimwemweco cikuwasokosa.

Musataye nthawi kufufuza amene anadandaula, pakuti khonsolo sidzakuuzani, ndipo kudziwa sikudzakupindulirani kanthu. Pitani kwa nkhalambayo masana, inu ndi mwana, popanda mapepala m'manja. Mau oyamba akhale akuti: "Tinalakwa kumanga osakuuzani." Pambuyo pace mupemphe kuti akulowetseni m'munda mwao, inu muime pamene iwo amakhala, mwana akakwere pa nsanja ndi kutsetsereka kawiri. Mudzaona ndi kumva cimene simunacionepo muli mbali yanu ya mpanda. Mukatero afunseni nthawi imene amapuma, ndi cimene cikuwasautsa koposa. Mwina mudzapeza kuti si phokoso ai, koma maso a anyamata acilendo. Munthu wokalamba wokhala yekha amaopa zambiri zimene sanena. Akakana kukulandirani, lembani kakalata kaulemu, mukaponye pa citseko, ndipo mucite zosinthazo ndithu.

Mnyamatayo musamubisire kanthu. Muonetseni kalata ya khonsolo, mumpatse tepi apime yekha nsanja, ayerekeze ndi masentimita 30 a lamulo, ndipo ajambule nao pulani yatsopano. Musamuuze kuti mnansi woipa watilanda citunda, cifukwa mudzabzala cidani cimene cidzakula naye. Muuzeni kuti ife akulu tinadumpha sitepe imodzi, ndipo tikubwerera kukaiponda. Mwana amene waona atate ace akupepesa osacepa msinkhu waphunzira cinthu coposa kutembenuka m'malere. Ndipo cisoti colimba ca kumutu cisasoweke tsiku ndi limodzi lomwe, kwa iye ndi kwa anzace. Ana a eni asakwere makolo ao asanadziwe, ndipo mufunse a inshuwalansi ya nyumba yanu ngati amalipira mlendo akavulala pa cinthu cotere.

Nanga ife otsala kuno?

Wina akuwerenga ali ku Katete kapena ku Matero angati izi ndi za Azungu. Ai ndithu. Lamulo lathu lakale la mapulani a mizinda tinalilandira kwa atsamunda, ndipo linali ndi dzina lomwelo la Town and Country Planning Act. Mu 2015 linalowedwa m'malo ndi Urban and Regional Planning Act, limene linacotsanso lamulo la mu 1974 la makomboni. Mfundo yace ndi yomweyo, yakuti wofuna kumanga kapena kusintha kagwiritsidwe ka malo m'dera la mapulani ayambe wapata cilolezo. Kwathu kuno mfundoyi ndi yolimba koposa, pakuti monga mwa lamulo la malo la mu 1995 nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo taitolo imene timainyadira ndi ya kubwereka kwa zaka zosaposa 99.

Ife sitimanga zitunda za njinga, koma timamanga zipinda za lendi kuseri kwa nyumba, makola a nkhuku mazana-mazana pafupi ndi zenera la mnansi, tumasitolo totulukira mu mseu, ndi mipanda ya njerwa yotseka ngalande. Mvula ikagwa madzi amasowa njira, nalowa m'nyumba ya amene sanamange kanthu. Cimbudzi cokumbidwa pafupi ndi citsime ca mnzako ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Sitinaiwale kolera ya mu 2023 ndi 2024, pamene bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Sitinaiwalenso mwezi wa August 2022, pamene nyumba zoposa 300 zomangidwa pa malo a bwalo la ndeke la Kasompe ku Chingola zinagwetsedwa, mabanja nagona panja. Ambiri a iwo anathira m'makomawo ndalama za moyo wao wonse.

Cotero musanagule thumba loyamba la simenti, citani zinthu zitatu. Pitani ku ofesi ya mapulani ya khonsolo yanu ndi pepala la malo anu, mufunse ngati cimene mufuna kumanga cifuna cilolezo. Yankho lililonse, ndi ndalama iliyonse imene mwalipira, zikhale ndi pepala la cidindo, cifukwa mau a pakamwa a munthu mmodzi sadzakuimirirani tsiku loipa. Ndipo mukacoka kumeneko mupitire kwa mnansi, mumuonetse pamene khoma lidzaima ndi kumene madzi adzapita. Wa pa malo a mwambo ayambire kwa a mfumu, koma mnansi asamdumphe.

Kwa inu amai a ku England, uphungu wanga ndi uwu: yankhani kalata sabata ino, kagogodeni kwa mnansi Ciweru cikudzaci, cotsani nsanja ya ku mpanda musanauzidwe, ndipo pa cotsalaco mupemphe cikalata. Ndalama zina zidzalowa, ndipo ulendo wodzaona makolo mwina udzacedwa ndi caka cimodzi. Makolo adzamvetsa mukawauza kuti mdzukulu wao watuluka m'cipinda, ndipo akuseka. Mutilemberenso, tidzamve m'mene zathera, makamaka ngati moni wa pa mpanda wabwerera.

Mwezi wamawa tidzakamba za mtengo wa mango umene thunthu lace lili kwa wina, nthambi zace kwa wina. Kufikira pamenepo, tsalani bwino nonse.